Mapaipi a madzi m'nyumba za ku Pretoria: chisanu ndi kutsekeka kwa suweji

Mzinda wa Pretoria, womwe uli pansi pa khonsolo ya Tshwane m'dziko la South Africa, uli pamalo okwera mamita opitirira 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. M'miyezi ya Juni ndi Julayi masana kumawala dzuwa, koma usiku kukakhala kopanda mitambo kuzizira kumatha kutsika pansi pa madigiri 0, makamaka m'zigwa monga za ku Irene ndi Centurion. Pa 7 Ogasiti 2012 chipale chinagwa mumzindawu. Kwa anthu ochokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, amene anazolowera chisanu cha ku Dedza basi, vuto la madzi kuundana m'mapaipi ndi lachilendo.

Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Paipi imang'aluka usiku, koma mwini nyumba amadziwa m'mawa madzi atasungunuka. Mapaipi okwiriridwa m'nthaka saundana kawirikawiri kuno chifukwa chisanu cha ku Gauteng sichilowa pansi kwenikweni. Amene amavutika ndi a pamtunda: mpopi wa panja, mapaipi a mkuwa oyenda pakhoma la kummwera lomwe dzuwa silifika m'nyengo yozizira, ndiponso a giza ya padenga. Mapaipi oterewa ayenera kukutidwa ndi thovu lolimba logulitsidwa m'masitolo a zomangira, mwezi wa Meyi usanathe. Thovulo limafumbutuka ndi dzuwa, choncho ndi bwino kulipenta kapena kulikulunga.

Giza ya sola imafuna chidwi chapadera. Ilipo ina yomwe madzi enieniwo amadutsa m'timapaipi ta m'galasi la padenga, ndipo timeneti ndi toyamba kuphulika. Ina imayendetsa mankhwala osaundana a glycol m'malo mwa madzi, ndipo ndiyo yoyenera madera a chisanu. Wogula ayenera kufunsa za kusiyana kumeneku asanalipire.

Mpopi ukakana kutulutsa madzi m'mawa wozizira, utseguleni pang'ono ndi kukulunga paipiyo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Musayandikize moto. Paipi ikaphulika, tsekani madzi pa valavu ya pafupi ndi mita, ndipo zimitsani magetsi a giza. Aliyense wa m'nyumba, ngakhale wochita lendi m'chipinda cha kuseri ku Mamelodi kapena ku Atteridgeville, ayenera kudziwa pamene pali valavuyo. Khonsolo imakonza mapaipi a kumsewu kufikira pa mita. Kuchokera pamenepo udindo ndi wa mwini nyumba, ndipo madzi otayikawo amalowa m'bilu yake.

Kutsekeka kwa mapaipi a madzi oipa ndi vuto la chaka chonse, koma limakula m'nyengo yozizira popeza mafuta ophikira amagwirana msanga m'paipi yozizira. Paipi ya sinki ndi yaing'ono, ya mamilimita 40 kapena 50, ndipo mafuta akasakanikirana ndi makoko a nsima ndi mpunga amauma ngati sopo. Mafuta otsala athiridwe m'chitini ndi kutayidwa m'bini. Paipi yopindika ya pansi pa sinki imamasuka ndi manja ndipo munthu angaitsuke yekha. Mankhwala amphamvu otsegulira mapaipi amawotcha khungu ndi maso, ndipo sayenera kusakanizidwa ndi ena.

Paipi ya chimbudzi ndi ya mamilimita 110, koma matewera, nyuzipepala ndi tinsalu tonyowa topukutira ana sizisungunuka ngati pepala la m'chimbudzi. Pa malo amodzi pokhala mabanja asanu kapena kuposa, chimbudzi chimodzi chikatsekeka onse amavutika. M'madera akale a mzindawu mulinso mdani wina: mizu ya mitengo. Mitengo ya jacaranda, yomwe yoyamba inabzalidwa mu 1888 ndipo inapatsa Pretoria mbiri yake, pamodzi ndi mitengo ina ikuluikulu, imalowetsa mizu m'malo olumikizira mapaipi akale adothi. Chimbudzi chikamatsekeka mobwerezabwereza popanda chifukwa chooneka, pulambala wolembetsedwa ku bungwe la PIRB angathe kuunika paipiyo ndi kamera.

Mvula ya mabingu ikayamba mu Okutobala, masamba otsala m'ngalande za padenga amatseka njira ya madzi. Ena amalumikiza madzi a padenga ku suweji, zomwe malamulo a khonsolo amaletsa chifukwa suweji imasefukira m'misewu.

Zonse zothiridwa m'mapaipi a mbali yaikulu ya mzindawu zimakathera ku malo oyeretsera zonyansa a Daspoort ndi Rooiwal, kenaka mumtsinje wa Apies womwe umalowera ku Hammanskraal. Malo a Rooiwal akhala akudzudzulidwa kwa zaka zambiri chifukwa cholandira zonyansa zoposa mphamvu yake, ndipo ku Hammanskraal n'kumene kolera inapha anthu oposa 20 m'chaka cha 2023.