Kupanga tisitima ta matabwa: mlingo, mitengo, zida ndi chitetezo cha mmisiri

Boma la Mulanje lilibe nyanja, koma lili ndi amisiri osema amene manja awo adazolowera ntchito yosalala. Aliyense amene adafikapo pa Likhubula, pamene alendo ambiri amayambira kukwera phiri, adaona mabokosi onunkhira, ndodo ndi zosema zina zimene zimagulitsidwa pamenepo. Kwa zaka zambiri malonda amenewa adatsamira pa mtengo umodzi, mkungudza, ndipo mtengowo watsala pang'ono kutheratu. Luso lopanga tisitima ta matabwa, totengera sitima zenizeni pa mlingo wochepa, ndi limodzi mwa maluso amene amadya nthawi yambiri ndi thabwa lochepa, choncho ndi loyenera kuliganizira m'dera limene mitengo ikusowa.

Kasitima kotere kamasiyana ndi chidole. Mwana wopanga galimoto ya mawaya amatsata diso lake, ndipo palibe womufunsa ngati matayala akula mopitirira. Wopanga kasitima ka mlingo amatsata muyeso: utali, mulifupi, msinkhu wa chumuni ndi kukula kwa zenera lililonse ziyenera kuchepetsedwa mofanana.

Kumene lusoli lidachokera

Lusoli ndi lakale kwambiri. M'chaka cha 1920, ofukula za makedzana ku Egypt adapeza timabwato ta matabwa m'manda a nduna ina yotchedwa Meketre, imene idakhalako zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. M'timabwatoto mudali tizidole ta opalasa ndi asodzi. Ku England, m'zaka za m'ma 1600, amisiri adayamba kupanga tisitima ta nkhondo tofanana ndendende ndi sitima za mfumu, kawirikawiri pa mlingo wa 1:48, ndipo tambiri tikusungidwabe ku National Maritime Museum ku Greenwich. Omanga zombo ambiri ankayamba asema theka la thupi la chombo pa thabwa, kenaka n'kutengapo miyeso ya chombo chenicheni.

Ife tili ndi sitima zathu zoyenera kutengera, ndipo chodabwitsa n'chakuti zidafika kuno zili zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa monga momwe mmisiri amalumikizira kasitima pathebulo. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, idanyamulidwa pamutu kulambalala mathithi a Shire ndipo idalowa m'nyanja ya Malawi mu Okutobala 1875. Chauncy Maples idapangidwa ku Glasgow, idabwera m'mitolo yoposa 3,000, ndipo idayamba kuyandama m'chaka cha 1901; dzina lake ndi la bishopu wa Anglican amene adamira m'nyanjayi mu 1895. Ilala imene tikuidziwa lero idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, idadzera ku Beira, ndipo idayamba ntchito mu 1951. Palinso Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, komanso Vipya imene idamira mu 1946 ndi anthu oposa 140. Wofuna kuona maonekedwe a zombo zakalezi angapite ku Lake Malawi Museum ku Mangochi, kumene adamangako chifanizo cha mbali yakutsogolo ya Guendolen.

Mlingo

Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuonongekera, mpeni usanakhudze thabwa. Mlingo wa 1:100 ukutanthauza kuti sentimita imodzi pakasitima ikuimira mita imodzi pasitima yeniyeni. Ilala ndi yotalika mamita pafupifupi 52 ndipo mulifupi mwake ndi mamita 9 ndi pang'ono, choncho kasitima kake katalika masentimita 52, mulifupi 9. Chauncy Maples, ya mamita 38, ikhala masentimita 38. Munthu woima pamwamba pa sitimayo sakwana masentimita awiri, ndipo chitsulo chogwirira cha m'mbali chitalika sentimita imodzi yokha.

Woyamba kumene asankhe 1:100, chifukwa masamu ake ndi osavuta ndipo kasitimako kamakwana pashelefu. Ena amakopeka ndi 1:50 poganiza kuti ntchito ingowirikiza kawiri. Sizitero. Utali umawirikizadi kawiri, koma malo opaka penti amawirikiza kanayi, thabwa lofunika kasanu ndi katatu, ndipo tinthu timene pa 1:100 tikadangoonetsedwa ndi kadontho ka penti, monga zogwirira zitseko, tsopano tiyenera kusemedwa.

Pulani ya sitima imakhala ndi zojambula zitatu: sitima ikaonedwa cham'mbali, ikaonedwa kuchokera pamwamba, ndiponso ikadulidwa mopingasa m'malo angapo. Mapulani a sitima za m'nyanja yathu savuta kujambula ngati pali chithunzi chojambulidwa cham'mbali ndendende. Yezani utali wa sitima pachithunzipo, gawani ndi utali wake weniweni, ndipo nambala yotulukayo ikupatsani muyeso wa china chilichonse chooneka. Chithunzi chojambulidwa chapangodya chimanamiza, chifukwa mbali yoyandikira kamera imaoneka yaikulu.

Mtengo: za mkungudza ndi ina yolowa m'malo

Kunena zoona, mkungudza ukadakhala wochuluka palibe mtengo ukadaupambana pantchitoyi. Ndi wopepuka, umasemeka bwino, chiswe sichiudya, ndipo suola msanga m'madzi, n'chifukwa chake omanga maboti kunyanja ankaufuna kwambiri. Koma mtengowu, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, umamera mwachilengedwe paphiri la Mulanje pokha, m'malo okwera kuposa mamita 1,800. Udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha itaima, ndipo mu 2019 udaikidwa pamndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti malonda ake odutsa malire a dziko amafuna chilolezo. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi nthambi ya zankhalango ndi midzi yozungulira, labzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pocheka. Thabwa latsopano la mkungudza limene munthu akukugulitsani mobisa ladulidwa mophwanya lamulo. Zidutswa za zitseko, mafelemu ndi mabokosi akale ndi nkhani ina, ndipo kasitima sikafuna zoposa pamenepo.

Pa thupi la kasitima, malaina ndi jakaranda ndi abwino: ndi ofewa, mizere yake ndi yaing'ono, ndipo amalandira penti. Paini amapezeka paliponse ndipo ndi wotsika mtengo, koma sankhani wopanda mfundo ndi utomoni. Mbawa ndi mlombwa zikhale za pansi poikapo kasitima ndi tizigawo tofuna mtundu wakuda. Mizere ya mlombwa ndi yaikulu moti pa 1:100 imaoneka ngati ming'alu. Bulugamu amang'aluka pouma, musiyeni. Nsungwi yowazidwa bwino imapanga milongoti ndi timizati tolimba.

Thabwa liyenera kukhala louma ndithu. Amisiri amawerengera chaka chimodzi pa thabwa lochindikala masentimita awiri ndi theka, litasanjidwa pamthunzi, mphepo ikudutsa. Ku Mulanje, kumene mvula imachuluka ndipo chiperoni amabweretsa nkhungu ndi mawawa m'miyezi yozizira, thabwa logulidwa kumsika lilowe kaye m'nyumba masabata angapo lisanadulidwe.

Zida

Zida zake si zambiri: sowo ya mano aang'ono, mpeni wakuthwa, matchizulo awiri kapena atatu, puleni yaing'ono, tupa, sandipepa wokhakhala ndi wosalala, sikweya, lula yachitsulo, choboolera chamanja, vaisi, ndi mwala wonolera. Zopanira zovala zimagwira tizidutswa pamene guluu akuuma. Guluu woyera wa matabwa ndiye wodalirika. Supagulu asungidwire tizitsulo. Waya wa kopa wochokera m'zingwe zakale za magetsi amapanga zogwirira za m'mbali, ndipo ulusi wa telala wopakidwa phula la njuchi umakhala zingwe. Makina a magetsi amafulumizitsa ntchito, koma palibe gawo la kasitima limene manja sangalithe, ndipo zida zamanja sizidikira kuti magetsi ayake.

Kapangidwe ka thupi

Njira zodziwika ndi zitatu. Yoyamba ndi kusema thupi lonse pa chipika chimodzi, monga momwe wosema bwato amachitira ndi kasemasema. Ndi yofulumira, koma chipika chachikulu chimang'aluka pouma.

Yachiwiri, imene ikuyenera sitima zachitsulo monga Ilala, ndi yosanjikiza. Dulani matabwa anayi kapena asanu ochindikala sentimita imodzi, lililonse motsata maonekedwe a thupi pa msinkhu wake, n'kuwamata limodzi pamwamba pa linzake. Chotuluka chimaoneka ngati masitepe, ndipo ntchito yotsala ndi kusema masitepewo mpaka atasalala. Musanamate, lembani mzere wapakati pa thabwa lililonse, ndipo mzerewo usafufutike mpaka pomaliza. Dulaninso makatoni asanu ndi limodzi kapena kuposa, otsata maonekedwe a thupi likadulidwa mopingasa, ndipo muziyesa katoni imodzimodziyo kumanja ndi kumanzere. Diso la wogula limakhululuka zambiri, koma kasitima kopendekera mbali imodzi limakaona lili patali.

Yachitatu ndi yomanga nthiti pa msana n'kumatapo timatabwa topyapyala kamodzikamodzi, titanyikidwa m'madzi otentha kuti tipindike. Ndi yokongola pa zombo za matanga ndi maboti a asodzi, koma imafuna chaka cha kuphunzira.

Zipinda zapamwamba zipangidwe padera, zipakidwe penti, kenaka zimatidwe. Penti akhale wopyapyala, wopakidwa katatu, chifukwa wokhuthala amakwirira tinthu tonse timene mwavutika nato. Musapake vanishi tsiku la chiperoni: chinyezi chimamuchititsa kuyera ngati nkhungu ndipo amachedwa kuuma.

Chitetezo

Ngozi yofala ndi ya mpeni, ndipo wobuntha ndiye woopsa, chifukwa umafuna mphamvu ndipo ukaterereka supita pamene mwaulozetsa. Nolani kawirikawiri. Chosemedwa chigwidwe ndi vaisi, osati pantchafu monga ambiri adazolowera, pakuti m'kati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Manja onse awiri akhale kumbuyo kwa msonga ya tchizulo. Tchizulo ikagwa, isiyeni igwe, ndipo musagwire ntchito mutavala patapata. Mukadzicheka, tsukani bala ndi madzi oyera, psinjani ndi nsalu yoyera, ndipo ngati ndi lakuya pitani kuchipatala mukafunsenso za katemera wa kafumbata.

Ngozi yachiwiri siimva kuwawa tsiku lomwelo. Fumbi la sandipepa limalowa m'mphuno ndi m'mapapo, limayambitsa chifuwa, mphumu ndi zotupa pakhungu, ndipo mu 1995 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization idaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Fumbi la mitengo yolimba monga mbawa ndi mlombwa ndilo loopsa kwambiri. Kumanga mpango kukamwa sikukwanira, chifukwa fumbi losaoneka ndi maso limadutsa. Gulani masiki ya fumbi yogwira bwino pamphuno. Kwechani pakhonde kapena pafupi ndi zenera, ndipo posesa wazani madzi kaye. Kugwirira ntchitoyi m'chipinda chimene ana amagonamo ndi chinthu choyenera kupewedwa.

Thina, vanishi ndi penti wa mafuta zimatulutsa mpweya woyaka msanga, choncho zisayandikire mbaula, kandulo kapena ndudu, ngakhale kukuzizira chotani. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi kapena zimizeni m'chitini cha madzi. Thina asathiridwe m'botolo la zakumwa, pakuti ndi mmene ana amamwera. Supagulu akamata zala, ziviikeni m'madzi ofunda a sopo m'malo mozikoka, ndipo akalowa m'diso tsukani ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala. Podula waya valani magalasi oteteza maso. Wokonzanso matabwa a nyumba zakale akumbukire kuti penti wakale angathe kukhala ndi mtovu, ndiye ampale atanyowetsa, osamukwecha wouma. Amene walemba antchito kapena ophunzira adziwe kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limamupatsa udindo wosamalira umoyo wawo pamalo antchito.

Kusunga kasitima

Kasitima komalizidwa kamaopa zinthu zitatu: fumbi, dzuwa ndi chinyezi. Kamangidwe pathabwa lake ndi zomangira ziwiri zolowera pansi, kaikidwe m'bokosi la galasi lokhala ndi tiziboo tiwiri topitira mpweya, kutali ndi zenera. Pansi pa thabwalo lembani dzina la sitima, mlingo, mitengo imene mwagwiritsa ntchito ndi chaka. Kwa mlendo wodutsa pachipata cha Muloza kapena pabwalo la ndege la Chileka, mawu osonyeza kuti kasitimako ndi ka malaina kapena jakaranda amamuthandiza poyankha mafunso a oona za katundu wotuluka m'dziko.