Mliri wa ku Joni ndi Mudzi wa Klipspruit

Golide anapezeka ku Johannesburg m'chaka cha 1886. Pa nthawiyo malowo anali dambo ndi mabusa a ng'ombe chabe, koma pasanathe zaka khumi panali patamera mzinda waukulu. Anthu anachoka m'midzi yawo nakhamukira kumeneko, ena pothawa njala, ena pofuna ndalama za msonkho kapena za ukwati. Kuyambira 1903 amuna a kuno kwathu nawonso anayamba kutengedwa ndi Wenela, ndipo mzindawo anautcha Joni.

Ogwira ntchito mumgodi ankagona m'komboni. Koma panali enanso ambiri, ochapa zovala, ophika, okumba misewu ndi onyamula katundu, amene analibe pogona. Amenewa anapanikizana m'dera lina la pafupi ndi pakati pa mzinda, limene linapatsidwa kwa Amwenye osauka. M'menemo Amwenye ndi anthu akuda ankachita lendi tizipinda ta malata, anthu ambiri m'kachipinda kamodzi. Zimbudzi zinali za ndowa, madzi anali osowa, ndipo mvula ikagwa zonyansa zinkayenda pakhomo.

Mu February 1904 loya wina wa Chimwenye, dzina lake Mohandas Gandhi, analembera kalata dokotala wamkulu wa mzindawo kumchenjeza kuti deralo laipa kwambiri ndipo matenda ali pafupi. Akuluakulu sanachitepo kanthu. Mwezi wotsatira mliri wa makoswe unagwa, ndipo unali wa mtundu woopsa uja wogwira m'mapapo, umene munthu amapatsira mnzake potsokomola. Gandhi ndi anzake anasonkhanitsa odwala 23 m'nyumba yopanda anthu nawasamalira usiku wonse. Mwa odwalawo anachira awiri okha, ndipo namwino amene anatumizidwa kudzathandiza anamwaliranso.

Tsono taonani chimene akuluakulu a mzinda anachita. Anazinga deralo ndi alonda, natulutsa anthu onse, natentha nyumba zawo ndi moto. Anthuwo anawatengera ku Klipspruit, kutali ndi mzinda, pa malo amene anasankhidwa kukhala otayirapo zonyansa za m'zimbudzi. Amwenye anakhalako kanthawi nachoka, koma anthu akuda anasiyidwa komweko. Kumeneko kunali fungo ndi ntchentche, ndipo wopita ku ntchito ankalipira sitima tsiku ndi tsiku pa malipiro ake ochepawo. Zotere zinali zitachitika kale ku Cape Town mu 1901, pamene mliri womwewo unagwa ndipo anthu akuda anasamutsidwira ku Ndabeni.

Ife tiganiza kuti pamenepa olamulira sanafune kuchiza osauka ayi, koma kuwachotsa pamaso pawo. Akadafuna kuchiza akadayamba ndi mipopi ya madzi ndi zimbudzi, monga anachenjezedwa. Moto unatha tizipinda tija, koma kupanikizana kunangosamukira kwina, pakuti anthu sanaleke kubwera. Lamulo la malo la 1913 linachepetsa minda ya anthu akuda, kotero kuti ochoka kumudzi anachulukirachulukira, nadzaza mabwalo a ku Doornfontein ndi madera ena.

Mliri wa makoswe unapita msanga. Nthenda zimene zinakhalitsa ndi zija zosachititsa mantha olemera: kutsegula m'mimba kumene kunkapha makanda, chibayo, ndi chifuwa chachikulu. Chibayo chinapha amuna a ku maiko a kumpoto ochuluka chotere mwakuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa Wenela kulemba anthu ochokera kuno, ndipo chiletsocho chinakhala zaka zoposa makumi awiri. Wodwala chifuwa chachikulu ankangobwezedwa kwawo, nakafera m'manja mwa abale ake, atawasiyira nthendayo m'nyumba.

Mu 1934 mudzi wa Klipspruit unapatsidwa dzina lakuti Pimville. Pozungulira pake panamangidwa midzi ina yambiri, ndipo mu 1963 yonse pamodzi inatchedwa Soweto.