Sitima Zothira Zinzake Mafuta: Mbiri ya Atumiki a Panyanja

Anthu akamakamba mbiri ya nkhondo zapanyanja amakonda kutchula sitima zamizinga ndi zonyamula ndege. Komatu sitima ya injini, ngakhale ikhale yoopsa chotani, mafuta akaithera imangoyandama ngati chipika. Msodzi wa boti la injini amadziwa kuti kutalika kwa ulendo wake kumadalira petulo ali m'chigubu, ndipo lamulo lomweli limagwiranso maiko amphamvu. N'chifukwa chake pali sitima zina zimene ntchito yake ndi kutsatira sitima zankhondo ndi kuzithira mafuta pakati pa nyanja. Pa Chingerezi amazitcha oiler.

Kale sitima zinkayendera nthunzi. Pa nyanja yathu ino zinkaima m'madoko kukweza nkhuni, koma pa nyanja zamchere zinkadalira malasha. Dziko la Britain lidali ndi malo osungira malasha monga Aden ndi Simon's Town, choncho sitima zake zinkafika kulikonse. Dziko lopanda malo otere linkaona zakuda. Mu Okutobala 1904, Russia idatumiza gulu la sitima zankhondo kuchokera ku nyanja ya Baltic kukamenyana ndi Japan, mtunda wa makilomita pafupifupi 33,000. Popeza idalibe madoko ake m'njiramo, idachita hayala sitima za kampani ya ku Germany ya Hamburg-Amerika kuti zizibweretsa malasha. Amalinyero ankakweza malashawo ndi manja, m'matumba, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ena ankaunjikidwa ngakhale m'zipinda zogona. Gululo lidakhala miyezi iwiri pa Nosy Be ku Madagascar, ndipo pofika ku Tsushima mu Meyi 1905, anthu adali otopa, sitima zili zolemedwa. A Japan adaligonjetsa kotheratu. Chaka chomwecho Britain idakhazikitsa Royal Fleet Auxiliary, nthambi ya sitima zotumikira zinzake zankhondo, yoyendetsedwa ndi amalinyero omwe si asilikali.

Mafuta adasintha zinthu. Amapereka mphamvu zambiri kuposa malasha olemera chimodzimodzi, safuna chinamtindi cha anthu osonkhezera moto, ndipo amatha kupopedwa kudzera m'paipi. Winston Churchill atayamba kuyang'anira asilikali apanyanja a Britain mu 1911, adalimbikitsa kuti sitima zatsopano ziziyendera mafuta. Koma walira mvula walira matope: malasha Britain idali nawo kwawo, pamene mafuta idalibe. Mu 1914 boma lake lidagula magawo 51 pa 100 alionse a Anglo-Persian Oil Company, imene inkayenga mafuta pa Abadan ku Iran. Kuyambira pamenepo, maso a maiko amphamvu sadachokenso pa zitsime za mafuta za m'chigawo chimenecho.

Funso lotsala lidali lakuti mafutawo afika bwanji kwa sitima imene ili kutali ndi doko. Yankho lidaoneka mu Meyi 1917. Dziko la America linkatumiza ku Ireland sitima zing'onozing'ono zothamanga zotchedwa destroyer, koma matanki a zina mwa izo sakadatha kuziwolotsa nyanja ya Atlantic. Sitima yamafuta ya USS Maumee idakaima pakati pa nyanjayo, kummwera kwa Greenland, n'kuthira mafuta sitima zisanu ndi imodzi zili pa ulendo. Mmodzi mwa amene adakonza njirayi adali injiniya wa Maumee, Chester Nimitz, yemwe pambuyo pake adadzatsogolera sitima zonse za America ku Pacific.

Ntchitoyi ndi yofuna kudekha. Masiku ano sitima ziwirizo zimayenda moyandikana, zitatalikirana mamita 30 mpaka 50, pa liwiro la makilomita oposa 20 pa ola. Amayamba aponya kachingwe ndi mfuti yapadera, kachingweko n'kukoka chingwe chachitsulo, ndipo pa chingwe chimenechi amatsetserekapo paipi yamphira mpaka ikalowe pakamwa pa thanki ya inzakeyo. Madzi opanikizika pakati pa sitima ziwiri amatha kuzikokera pamodzi, choncho wogwira chiongolero akangophonya pang'ono zimawombana. Mdani akatulukira, amamasula zonse mwachangu n'kupatukana.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo idaonetsa kufunika kwa sitima zimenezi. Mu 1939 sitima ya Germany ya Graf Spee idatha miyezi itatu ikumiza sitima zamalonda osaima pa doko lililonse, mpaka idafika kufupi ndi gombe la Mozambique kumene idamiza sitima ya Africa Shell. Izi zidatheka chifukwa inkakumana mwachinsinsi ndi sitima yamafuta ya Altmark. Ku Pacific, kumene zilumba n'zotalikirana, America idadalira sitima zothamanga zamtundu wa Cimarron, zimene yoyamba yake idamangidwa mu 1939.

Amalinyero a sitima zotere ankagona pamwamba pa mafuta oyaka msanga, ali ndi zida zochepa zodzitetezera. USS Neosho idapulumuka pa Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941. Patatha miyezi isanu, pa 7 Meyi 1942, ku nyanja ya Coral, azondi a m'ndege za Japan adaiona n'kuiyesa sitima yonyamula ndege. Ndege zambiri zidatumizidwa kukaiphulitsa. Sitima yoiperekeza, USS Sims, idamira pomwepo, ndipo Neosho idayandama masiku anayi ili yophwasuka kufikira pa 11 Meyi, pamene anthu 123 adapulumutsidwa. Ndege zimene zidatha mabomba pa Neosho sizidafike kwa sitima zonyamula ndege za America tsiku limenelo. Mu Novembala 1944, USS Mississinewa idaphulitsidwa pa Ulithi, anthu 63 n'kufa.

Mbiriyi idafika pakhomo pathu m'zaka za m'ma 1960. Ian Smith atalengeza pa 11 Novembala 1965 kuti Rhodesia yadziimira payokha pansi pa ulamuliro wa azungu ochepa, Britain idaganiza zomumana mafuta. Mafuta osayenga ankatsikira pa doko la Beira n'kuyenda m'paipi kukafika ku Feruka, kufupi ndi Umtali, lero Mutare. Kuyambira mu Marichi 1966 sitima zankhondo za Britain zidayamba kulondera kunja kwa Beira, ndipo mu Epulo bungwe la United Nations lidaziloleza kutsekereza sitima zamafuta zopita ku Rhodesia. Madoko a Mozambique adali m'manja mwa Apwitikizi, omwe sankagwirizana ndi chilangocho, choncho alondawo ankamwa mafuta panyanja pomwepo kuchokera ku sitima za Royal Fleet Auxiliary. Ulondawu udatha zaka zisanu ndi zinayi, mpaka Mozambique italandira ufulu mu Juni 1975. Paipi ya ku Feruka idaumadi, koma mafuta oyenga kale ankalowabe mu Rhodesia kudzera ku South Africa ndi ku Lourenço Marques, lero Maputo. Amalinyero adachita mbali yawo mokhulupirika, koma andale adasiya khomo lina lili pululu.

Mu 1982, pa nkhondo ya zilumba za Falkland, Britain idamenya nkhondo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 13,000 kuchokera kwawo, ikudalira mndandanda wa sitima zamafuta zodzera pa chilumba cha Ascension. Lerolino America ikumanga sitima zamtundu wa John Lewis, Britain ili ndi zamtundu wa Tide, ndipo South Africa ili ndi SAS Drakensberg, yomangidwa ku Durban, imene idayamba ntchito mu 1987. Sitima za China zolondera achifwamba a panyanja kufupi ndi Somalia kuyambira 2008 nazonso zimayenda ndi sitima yamafuta.

Wofuna kudziwa kumene mphamvu za dziko zimathera panyanja awerenge sitima zake zamafuta. Dziko limene lilibe sitimazi limangoteteza gombe lake, koma limene lili nazo limatha kukhala miyezi pakhomo pa eni ake, monga zidachitikira pa Beira, doko lomwe mafuta ena a galimoto ndi maboti athu amadzera mpaka lero.