Mbiri ya Uta ndi Kamasulidwe ka Nsinga Yace

Mwa zida zonse zimene anthu a dziko la Zambia anagwira masiku akale, palibe cina caiwalika msanga monga uta. Mnyamata wa ku Kabwata kapena wa ku Chelstone adziwa legeni, ndipo mfuti aiona paphewa pa msilikari, koma uta auona m'zithunzi zokha. Komabe dziko limene pamangidwa mzinda wa Lusaka linali la anthu osaka nyama ndi mibvi, ndipo bvuto limene linasautsa osakawo lisautsabe akatswiri a masewera kufikira lero. Kukunga uta kufuna mphamvu, ndipo mphamvu imadza ndi cizolowezi. Kulunjika kufuna diso, ndipo diso liphunzira. Cobvuta coposa zonse ndico kumasula nsinga pa nthawi yace, dzanja lisananjenjemere ndi mtima usanathamange. Mbiri ya uta, kwakukuru, ndiyo mbiri ya njira zimene anthu anayesa kuti agonjetse kamphindi kameneko.

Mauta akale a dziko lino

Mseu wa Leopards Hill, umene ucokera ku Woodlands ndi Kabulonga, ulowera ku dera la mapiri kumene kuli phanga la dzina lomwelo. Ofukula zakale anakumba m'phangamo napezamo timiyala tating'ono tosongoka, timene anthu a nyengo ya miyala ankasema ndi kumatirira ku mitengo kuti tikhale nsonga ndi mano a zida zao. Umboni woposa uwu unapezeka ku akasupe otentha a Gwisho, ku Lochinvar, m'cigwa ca Kafue pafupi ndi Monze. Kumeneko, pakati pa zaka za 1960 ndi 1964, Creighton Gabel, ndi pambuyo pace Brian Fagan ndi Francis Van Noten, anafukula malo amene anthu anakhalapo zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Popeza dothi la pamenepo likhala lonyowa masiku onse, mitengo sinaole, ndipo anapeza zidutswa za uta, nsonga za mibvi zamtengo, ndi zipatso za mtengo wochedwa Swartzia, zimene osaka ena a ku Kalahari amasanganiza m'ululu wa mibvi yao.

Ululuwo ndiwo unali yankho la makolo pa bvuto la dzanja. Uta wa wosaka sunali woponya patali. Iye ankazembera nyama, mphepo ikuomba kucokera kwa nyamayo kudza kwa iye, kufikira atafika pafupi ndithu. Ndipo mubvi ukalowa ngakhale pantchafu, ululu unkatsiriza nchito, wosaka nangolondola mapazi. Kotero sikunali kofunika kulasa pamtima penipeni. Ku Shire Amang'anja ankapaka mibvi yao kombe, amene John Kirk anamuona poyenda ndi David Livingstone pa ulendo wa 1858 kufikira 1864. Ndipo m'caka ca 1885 Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaonetsa asing'anga anzace kuti kombe yemweyo, akampatsa wodwala pang'ono pokha, ali mankhwala a mtima.

Pa nkhondo uta unagwa cifukwa ca kamphindi komweko. Angoni a Zwangendaba ataoloka Zambezi m'caka ca 1835, anadza ndi zikopa za ng'ombe ndi nthungo zazifupi zobayira pafupi. Munthu wa uta afuna danga ndi mtima wokhazikika. Koma pamene khamu la zikopa lithamangira pa iye ndi mpfuu, zala zimasula msanga, mubvi nuthera m'cikopa kapena m'mwamba. Acewa ndi Ansenga ambiri anathawira m'malinga ndi m'mapiri, ndipo mafumu amene anakhoza anagula mfuti kwa amalonda. Mpezeni naye anagonja ku mfuti za Angelezi m'caka ca 1898. Njanji itafika pa mudzi wa Lusaka m'caka ca 1905, ndi boma litasamukira kumeneko kucokera ku Livingstone m'caka ca 1935, anyamata anadza ku tauni kudzafuna nchito ya ndalama, malamulo a boma anaciepsa kusaka, ndipo uta unatsala kupacikidwa kutsindwi.

Zala, mphete ndi cokhethemulira

Pamene uta unali kutha kuno, anthu ena kutsidya la nyanja anayamba kufunsa mwacangu za kagwiridwe ka nsinga. M'caka ca 1885 Edward Morse wa ku America analemba za njira zisanu zimene mitundu ya anthu imasulira mubvi. Yoyamba ndiyo kutsina thako la mubvi ndi cala cacikuru ndi camkombaphala, monga mwana atsina cikopa ca legeni. Njira iyi imasula bwino, koma siikhoza uta wolimba, pakuti mubvi upulumuka m'zala usanafike pamalo pace. Ziwiri zotsatira ziwonjeza zala zina panzinga kuti zithandize kukoka. Yacinai ndiyo ya ku Ulaya, ya zala zitatu, cimodzi pamwamba pa mubvi ndi ziwiri pansi. Yacisanu ndiyo ya ku Asia, ya kukowa nsinga ndi cala cacikuru cobvala mphete.

Mpheteyo ndiyo kholo la zomasulira zonse. Ku China inapezeka ina ya mwala wa mtengo wapatali m'manda a Fu Hao, mkazi wa mfumu amene anatsogolera nkhondo zaka ngati 1,200 Kristu asanabadwe. Ndipo si Asia yekha anaidziwa: m'manda a ufumu wa Meroe, ku Sudan, mwapezeka mphete zamwala za oponya mibvi, m'dziko limene Aigupto akale ankalicha Dziko la Uta. Nchito ya mphete inali kucinjiriza cala ndi kupatsa nsinga poterera pamodzi, kuti icoke msanga yosagwedera monga icita ikamaseseka pa zala zitatu. Anthu a ku China anapitirira napanga uta wopingasa pamtengo, wokhala ndi cokhethemulira camkuwa, umene unagwira nsinga wokha kufikira msilikari atakhethemula. Nzeru yace ifanana ndi ya diwa la mbewa, pamene kamtengo kakang'ono kagwira mwala wolemera.

Angelezi, amene anadziwika ndi uta wautali, analemba malangizo ao m'buku la Roger Ascham la m'caka ca 1545, lochedwa Toxophilus. Iye anagawa kuponya m'magawo asanu: kuima, kuika mubvi pansinga, kukoka, kugwira, ndi kumasula. Aphunzitsi a masewerawa atsatabe magawo amenewa.

Nthenda ya akatswiri

Mfuti italanda uta nchito ya nkhondo ndi ya kusaka, uta unasanduka masewera, ndipo anthu anayamba kuponya mibvi mazana pa candamale cimodzi cosasuntha. Pamenepo inaoneka poyera nthenda imene Acingelezi aicha target panic, ndiko kunena mantha a candamale. A ku Japan, amene aidziwa kuyambira kale, aicha hayake mtundu wace wa kumasula msanga. Codabwitsa ndico cakuti nthendayi siikonda ophunzira atsopano; igwira amene aponya kale bwino ndi kufunitsitsa kupambana.

Maonekedwe ace ali atatu. Wina amasula mubvi diso litangoona pakati pa candamale, asanatsirize kukoka. Wina dzanja lace liuma pansi pa bwalo lapakati, ndipo ngakhale ayesetse kulikweza, likana ngati lamangidwa. Winanso adzidzimuka, nagwedeza mkono kapena kutsinzina pa nthawi yomasula. Gwero lace ndi ili: nsinga ikacoka, thupi limva kugwedezeka, ndipo munthu akaponya kawirikawiri thupi liphunzira kudzikonzera kugwedezekako kusanadze. Liphunziranso kuti diso likaona pakati, zala zitseguke. Potsiriza zala zileka kudikira cilolezo ca mwini wace. Munthu wotere sali wamantha monga wothawa nkhondo ai. Thupi lace langophunzira kutsogola.

Cipangizo coyamba ca masiku ano colimbana ndi nthendayi cinali kacitsulo kopyapyala kochedwa clicker, kamene Fred Leder wa ku America anakapanga ca m'ma 1957. Kamamangidwa pauta ndi kugona pamwamba pa mubvi. Woponya akoka pang'onopang'ono kufikira nsonga ya mubvi itapitirira kacitsuloko, ndipo kagwa nikalira kuti "tha". Pamenepo ndipo amasula. Motero lamulo la kumasula licoka ku diso nilipita ku khutu, ndipo mubvi uli wonse ukokedwa muyezo umodzi. Kuponya mibvi kutabwerera ku masewera a Olympic ku Munich m'caka ca 1972, kacitsulo aka kanakhala pa uta wa pafupifupi katswiri ali yense. Kumeneko aponya ndi zala pa mtunda wa mamita 70, pa candamale ca masentimita 122 m'mimba mwace, cimene bwalo lace lapakati lili masentimita 12.2 okha. Areneo David wa ku Malawi anaima pa mzere umenewo ku Rio de Janeiro m'caka ca 2016, nabwereranso ku masewera a Tokyo.

Zomasulira za makono

M'caka ca 1966 Holless Wilbur Allen wa ku Missouri anapempha boma la America kuti lilembe m'dzina lace uta wa mtundu watsopano, wokhala ndi timagudumu kunsonga zace, ndipo cilolezo cinaturuka m'caka ca 1969. Timagudumuto ticita kuti uta ulemere poyamba kukoka, koma nsinga ikafika kumaso upepuke kwambiri, kotero kuti munthu akhoza kugwira ndi kulunjika nthawi yaitali. Popeza mauta otere akhala afupi, nsinga ipana zala, ndipo m'zaka za m'ma 1970 oponya ambiri analeka zala natenga comasulira, kacipangizo kamene kakowa kacingwe komangidwa pansinga.

Zomasulira zili za mitundu inai. Coyamba cimangidwa ndi lamba padzanja, nicikhethemulidwa ndi camkombaphala monga mfuti. Ndico cokondedwa ndi osaka, ndiponso ndico cimene cibala nthenda msanga, pakuti cala cimeneci cifulumira kumvera diso. Caciwiri cigwiridwa m'manja, nicikhethemulidwa ndi cala cacikuru. Cacitatu ciribe cokhethemulira konse: ciri ndi kambedza kamene kamasuka comasuliraco cikapendekeka pang'ono pamene woponya apitiriza kukoka ndi minofu ya kumsana. Cacinai cimasuka mphamvu ya kukoka ikapitirira muyezo umene mwini anaika. Ziwiri zotsirizazi ndizo zimene aphunzitsi apatsa wogwidwa ndi mantha a candamale, cifukwa iye sadziwa kamphindi kamene nsinga idzacoka, ndipo cimene thupi silicidziwa silingacikonzekere. Nchito yace itsala iwiri yokha: kuyang'ana pakati ndi kukokabe.

Zomasulirazi zikonzanso kaimidwe ka munthu. Wokoka ndi mkono wokha sangazimasule bwino. Ayenera kuima mapazi otangadza molingana ndi mapewa, phewa la kutsogolo lotsika, cigongono ca kumbuyo colunjika ndi mubvi, ndi dzanja lofika malo amodzimodzi pacibwano nthawi zonse. Nsinga ikacoka, dzanja liseseka lokha kumbuyo kwa khutu, ndipo ici ndico cizindikiro cakuti msana ndiwo unali kugwira nchito. Oponya ndi mauta awa apikisana pa mamita 50, ndipo m'caka ca 2025 kunagamulidwa kuti adzalowe nao masewera a Olympic a ku Los Angeles a 2028.

Koma citsulo pacokha sicicira munthu. Alipo ambiri amene anaphunzira kupotoza kambedza dala ndi kubwezera nthenda yao m'cipangizo catsopano. Cifukwa cace aphunzitsi ayamba ndi kucotsa candamale. Wodwalayo aima mapazi owerengeka kucokera pa mtolo wopanda cizindikiro, naponya masiku ambiri, nthawi zina ali citsinzinire, kufikira thupi litazolowera kumasula kosadzidzimuka. Pambuyo pace aphunzira kulunjika pakati osaponya, kugwira kanthawi, ndi kubweza nsinga pang'onopang'ono. Pakuti wokhoza kuleka mubvi umene sunakhale bwino, ndiye wayamba kulamulira dzanja lace. Atatero abwezera candamale pafupi, nacisendeza kutali pang'onopang'ono.

Motero wosaka wa ku Gwisho ndi katswiri wa pa bwalo la masewera anakomana ndi mdani mmodzi, namgonjetsa m'njira zosiyana. Woyambayo anafupikitsa mtunda ndi kukhulupirira ululu. Winayo anatalikitsa mtunda, ndipo anayenera kubisira thupi lace nthawi ya kumasula. Onse awiri anafunika kudikira pamene mtima unali kuwakakamiza kufulumira, monga akuru ananena kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Anyamata ndi atsikana a m'Lusaka amene adzagwira uta m'masewera sadzakhala akubwereka cinthu cacilendo, pakuti uta unali m'cigwa ca Kafue zaka zikwi zambiri mzindawo usanamangidwe. Cimene cawatsalira ndico kuphunzira mwatsopano luso limene makolo ao analisiya.