Bwinja si nyumba yakale chabe

Ena akaona nyumba yothimbirira amafulumira kuitcha bwinja, chonsecho mkatimo anthu akuphika nsima. Ayi ndithu. Bwinja, mawu athuathu osabwereka, ndi malo amene anthu adasamukapo. Agogo akati "kathyoleni mango kubwinja", akunena kumudzi wakale kuja kudatsala mitengo ndi zipupa zakugwa.

Ku Scotland nakonso mabwinja aliko. Pafupi ndi Blantyre, kwawo kwa David Livingstone, kutsidya kwa mtsinje wa Clyde, kuli bwinja la Bothwell. Lidali linga la miyala yofiira, lomangidwa m'zaka za m'ma 1200. Mfumu Edward I ya ku England idalilanda mu 1301, ndipo mu 1337 eni ake omwe adagumula mbali ya nsanja yake yobulungira kuti adani asadzabisalemonso.