Ufumu wa Malemia ndi Amayi a ku Likwenu

Ufumu wa Malemia, womwe dera lake likuphatikiza chigwa cha Domasi ndi midzi ya m'tsinde mwa phiri la Malosa m'boma la Zomba, umatsata bele la amayi. Mfumu ikagona, wolowa dzina sakhala mwana wake wobereka koma mphwake kapena mwana wa mlongo wake, ndipo amayi akuluakulu a mbumba amakhala ndi mawu posankha. Munda nawonso umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi, mwamuna n'kudzakhala pachikamwini. N'chifukwa chake mbiri ya dera lino, ngakhale imatchula mayina a amuna, imawerengedwa pa akazi: uyu anabadwa kwa uje, amene anayamwa bele limodzi ndi uje.

Ayao a Malemia anafika kuno cha m'ma 1860 kuchokera kum'mawa, mbali ya Mozambique, ndipo anapeza Anyanja, amene ena anakwatirana nawo, ena anawagonjetsa. Inali nthawi ya malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Mu 1884 mishoni ya Church of Scotland inatsegula malo ake ku Domasi, m'dziko la Malemia, ndipo woyamba kukhalako anali Alexander Hetherwick. Mu 1895 Kawinga, mfumu ina ya Chiyao yomwe inali ndi linga pa phiri la Chikala, anathira nkhondo Malemia ndi mishoniyo, koma asilikali a boma la atsamunda anamuthamangitsa. Chisilamu chinazika mizu m'midzi yambiri, Chikhristu chinafalikira kudzera m'sukulu, kotero mpaka lero m'mbumba imodzi mumapezeka wopita kumzikiti ndi wopita kutchalitchi, onse akudyera mbale imodzi.

Mpingo wa Anglican unabwera ndi amishoni a UMCA, amene anamanga pafupi ndi mtsinje wa Likwenu ku Malosa. Pamenepo anatsegulanso malo osamalira odwala khate, monga Akatolika anachitira ku Utale ndi ku Mua, ndi a Seventh-day Adventist ku Malamulo. Apa ndiye pamene mbiri ya dera la Malemia imakumana ndi ya amayi amene ambiri sawatchula pa bwalo.

Khate ndi nthenda yoyenda pang'onopang'ono. Limayamba ndi mawanga otuwa pakhungu, kenaka limapha mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi mpaka munthu osamvanso kutentha kapena kubaya. Kwa mayi wa pamudzi, amene tsiku lake limathera pamoto, pamtondo ndi kumunda, ili linali tsoka lalikulu kuposa kwa mwamuna. Ankaphula mphika wa nsima osazindikira kuti zala zapsa. Ankaponda minga popita kokatola nkhuni, bala n'kunyeka asanalione. Zala zinkafupika chifukwa cha mabala otere, osati kuti zinkangoyoyoka zokha monga anthu ankanenera. Pamwamba pa ululu panali kusalidwa. Wakhate ankamumangira kanyumba kumapeto kwa mudzi, ankadya payekha, ukwati unkatha, ndipo m'madera ambiri a dziko lino mwambo sunkalola kuti aikidwe m'manda amodzi ndi abale ake. Mankhwala a masiku amenewo anali jakisoni wa mafuta a chaulmoogra, wopweteka koma wothandiza pang'ono chabe, mpaka mapiritsi a dapsone atayamba kupezeka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Mayi wotere akafika ku Likwenu ankapeza chinthu chimene kumudzi anali atachitaya: anzake okhala nawo pamphasa imodzi. Ambiri anaphunzira katekisimu komweko, nabatizidwa, nalandira Ukaristia m'zikhatho zopanda zala. Nkhani ya Yesu kukhudza wakhate, yomwe ili m'mutu woyamba wa Marko, kwa iwo sinkafunika wolalikira kuti aimasulire.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti amayiwa sanali ongolandira chifundo. Kuwakumbukira ngati anthu ongothandizidwa ndi kuwalakwira kachiwiri. Amene manja ake anali abwinoko ankasinjira ndi kuphikira amene manja anatha. Amene maso ankaonabe ankatsogolera wakhungu kupita ku Misa. Ankalima, kusesa m'tchalitchi, kugona pa siwa mnzawo akamwalira, kuimba mpaka tambala woyamba. Amene anachira n'kubwerera kwawo, kapena kukhazikika m'midzi yozungulira mishoni, anapitiriza utumiki womwewo m'magulu a amayi: Mothers' Union kwa a Anglican, bungwe lomwe Mary Sumner anayambitsa ku England mu 1876, ndi Mvano kwa a CCAP a Sinodi ya Blantyre. Ntchito za magulu amenewa n'zolemetsa ngakhale kwa wamiyendo yamphamvu: kuyendera odwala mudzi ndi mudzi, kusonkha ufa ndi nkhuni pamaliro, kusambitsa mtembo wa mayi mnzawo, kulangiza atsikana ndi olowa m'banja. Mayi woyenda ndi ndodo ankanyamuka m'mamawa kuposa anzake kuti afike nawo limodzi, ndipo pamene miyendo inakaniratu, odzafuna malangizo ndi pemphero ankamupeza pakhonde pake.

Kukumbukiridwa kwa mayi wotere kumachitika m'njira ziwiri zomwe sizitsutsana. Mpingo umamutchula pa Misa ya omwalira, ndipo anzake amanyamula bokosi lake atavala yunifomu. Mbumba imamukumbukira pomanga chiliza, pamene mwini mbumba amaimirira n'kutchula ana ake, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, Akhristu ndi Asilamu omwe, anthu akuyankha ndi m'manja. Mdzukulu wamkazi amapatsidwa dzina lake, ndipo akulu pomuitana mwanayo amati "agogo" mwaulemu womwewo. Pamenepo ulumali wake sutchulidwa mobisa. Umanenedwa poyera, kuti ana adziwe kuti nsima imene inawalera inaphikidwa ndi manja otani.

Malosa anakula kwambiri Donald Arden atakhala bishopu wa Anglican mu 1961 n'kusamutsira likulu la dayosizi kumeneko. Lero kuli likulu la Dayosizi ya Upper Shire, chipatala cha St Luke's pamodzi ndi sukulu yake ya anamwino, sukulu ya sekondale ya Malosa, ndi malo a maphunziro a Chilema, omwe a Anglican ndi a CCAP anakhazikitsira limodzi ndipo amayi ambiri aphunzirako za chikhulupiriro ndi luso la manja. Bungwe lolimbana ndi khate la LEPRA linayamba ntchito m'chigawo cha kummwera m'zaka za m'ma 1960, likufikitsa mankhwala m'midzi m'malo mosonkhanitsa odwala pamalo amodzi. M'ma 1980 kunabwera mankhwala ophatikiza mitundu ingapo omwe amachiritsa khate kotheratu, ndipo mu 1994 Malawi anafika pa mlingo womwe bungwe la WHO linaika, wa wodwala wosakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Khate silinatheretu, koma wofulumira kupita kuchipatala amachira zala zake zili zonse.

Ulumali wa amayi a m'mipingo ya Malosa masiku ano umachokera kwambiri ku poliyo ya ubwana, sitiroko, shuga, ngozi za pamsewu ndi khungu la ukalamba. Boma linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA mu 1971, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu aulumali, chaka chomwecho chimene Joyce Banda, wobadwira m'dera la Malemia, anakhala pulezidenti wa dziko lino. Chovuta chatsalira pa zinthu za tsiku ndi tsiku: matchalitchi akale okhala ndi masitepe, njira za m'tsinde mwa phiri zomwe njinga ya olumala siyendamo nthawi ya dzinja, ndi kusowa kwa womasulira m'chinenero cha manja pa mapemphero.