Diso losatsinzina: khate ndi zikope kugombe la Lungwena

Mwera ukalimba mu Juni ndi Julaye, ku Lungwena aliyense amayenda akuphethiraphethira. Mchenga wa kugombe umauluka, utsi wa pamene amayi akuwamba nsomba umakwawa mpaka m'makonde, dzuwa nalo likamenya panyanja limabwerera m'maso. Wa zikope zabwinobwino sadziwa n'komwe kuti akudziteteza. Koma m'midzi ya pakati pa nyanja ndi mapiri a Namizimu munali anthu amene chikope chawo chinaleka kutsika, ndipo ine ndinakulira pakhomo pa mmodzi wa iwo. Nthenda yawo inali khate. Tikamakumbuka khate timakumbuka zala zoduka, maso n'kuwaiwala, chonsecho munthu amene manja ake sakumvanso kanthu akachita khungu, ngakhale kupapasa njira sangathe.

Kachilombo ka khate, kamene dokotala wa ku Norway Armauer Hansen anakaona koyamba mu 1873, kamakonda mbali zozizira za thupi ndi mitsempha yodutsa pafupi ndi khungu. Pali mtsempha wina umene umatuluka m'chigaza kunsi kwa khutu n'kumwaza nthambi zake kumaso konse. Kumwetulira, kukwinya chipumi ndi kutsinzina, zonsezi zimadalira mtsempha umenewu. Nthambi yopita kuzikope imadutsa pamwamba pa fupa la tsaya, ndipo khate limaipezerera pamenepo, makamaka banga likatuluka pafupi ndi diso kenako n'kutupa. Mnofu wotsegula diso uli ndi mtsempha wakewake umene khate siliukhudza. Ndiye wotseka ukafooka, wotsegula umatsala wokha, diso n'kukhala chitsegukire usana ndi usiku.

Za misozi ndi zimene zinkasokoneza anthu kwambiri. Munthu amaphethira kakhumi ndi kuposa pa mphindi imodzi, ndipo chikope chikatsika chimapaka misozi pagalasi lakutsogolo kwa diso, yotsalayo n'kuikankhira ku timabowo tiwiri tapakona yoyandikana ndi mphuno. N'chifukwa chake wolira amamina. Ntchito ya chikope imeneyi ili ngati ya wokapa madzi m'bwato: akaleka, madzi amadzadza. Chikope chakumunsi chikalefuka chimagwera kunja, kabowo kaja kamachoka pamalo pake, misozi imasefukira patsaya. Oona amati munthuyu akulira, pamene pagalasi pa diso pali gwa, pouma. Pakauma pamang'ambika, fumbi limalowa, chilonda chimayamba, ndipo chikapola chimasiya chipsera choyera chimene sichichokanso. Pa khate pali tsoka lachiwiri, loti mtsempha wina wochititsa diso kumva kuwawa nawonso umatha kufa, moti chitsotso chimakhala m'diso tsiku lonse mwini wake osadziwa.

M'nthawi ya atsamunda, odwala khate ankasonkhanitsidwa m'midzi yawoyawo imene amishoni anatsegula m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930: Akatolika ku Mua ndi ku Utale, a UMCA ku Likwenu kufupi ndi Malosa, a Seventh Day ku Malamulo. Pambuyo pake boma linamanga chipatala chake cha Kochirira ku Mchinji. Kwa ife a kutsidya lino la Shire, chipatala chapafupi chinali cha St Martin's ku Malindi, chimene amishoni a UMCA anayambitsa mu 1898, koma wofuna kukhala pamankhwala a khate kwa zaka ankayenera kusiya mkazi, ana ndi bwato. Ambiri ankangobisala. Mankhwala ake anali jakisoni wa mafuta a mtengo wa chaulmoogra wochokera ku India, wowawa koopsa ndipo wothandiza pang'ono chabe. Mapiritsi a dapsone atafika cha m'ma 1950, kachilombo kanayamba kugonja, koma ankamwedwa zaka zambirimbiri, ena moyo wawo wonse, ndipo mtsempha umene unafa kale piritsi silikanaudzutsa.

Amene anaphunzitsa madokotala kuyang'ana m'maso mwa odwala khate ndi mayi wina wa ku England, Margaret Brand, amene ankagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India pamodzi ndi mwamuna wake Paul Brand, dokotala wa manja ndi mapazi. Iye anaonetsa kuti khungu la odwala khate ambiri silinali chiweruzo chosapeweka, linkayamba ndi diso louma limene likanatetezedwa ndi zinthu zotsika mtengo. Nzeru imeneyi inafika kwathu kudzera ku bungwe la ku Britain la LEPRA, limene linayamba ntchito yake m'Malawi pakati pa zaka za m'ma 1960 m'madera ozungulira Blantyre, motsogozedwa ndi Dr David Molesworth, kenako n'kufalikira kumaboma ena m'zaka za m'ma 1970. Chachilendo chinali choti wodwala sankachotsedwanso pamudzi. Mankhwala ndi amene ankamulondola, pa Land Rover ndi panjinga, tsiku lodziwika, pansi pa mtengo wodziwika.

Amjomba anga, mlongo wawo wa amayi, anali siginala pa chilimira. Ntchito yawo inali kukhala m'kabwato usiku ndi nyali, kuyang'ana m'madzi mpaka usipa utasonkhana, kenako n'kuitana anzawo kuti aponye khoka. Banga linawatuluka patsaya lakumanzere, iwo n'kumati ndi chipere. Chaka china linatupa n'kufiira, ndipo pasanathe mwezi azakhali anaona kuti amjomba akagona, diso lakumanzere limatsala lotseguka, choyera chokha chikuoneka chifukwa chakuda chathawira m'mwamba. Ana tinkaopa kulowa m'chipindamo. Kudoko anthu ankanong'onezana kuti akulirira zimene anachita kuti aziphako nsomba zambiri, ndipo mawu amenewo anawapweteka kuposa nthendayo.

Mlangizi wa khate amene ankabwera panjinga sanayambe ndi mapiritsi. Anawakhazika pamthunzi, anagwada patsogolo pawo n'kunena kuti, "Achimwene, tatsinzinani pang'onopang'ono ngati mukugona." Anayang'ana mpata umene unatsala. "Tsopano finyani ndi mphamvu zanu zonse." Mpata unachepa koma sunathe. Atatero anaitana azakhali ndi ine, n'kutigawira ntchito. Amjomba azivala chipewa chamlomo waukulu ndi magalasi akuda nthawi zonse akatuluka panja. Aziphethira mwadala, mochita kukumbukira, makamaka akaona fumbi kapena utsi, ndipo m'mawa ndi madzulo azifinya zikope kambirimbiri kuti minofu yotsalayo ilimbe. Usiku azakhali aziika mafuta a m'kachubu m'diso n'kuliphimba ndi kachivindikiro ka katoni kopindidwa ngati kachulu, kuti nsalu isakhudze galasi la diso. Za kusiginala aiwale, chifukwa mphepo ya panyanja usiku wonse ikanamaliza disolo.

Ine gawo langa linali la m'mawa ndisanapite kusukulu. Popeza amjomba samamva kuwawa m'disomo, ndinkakhala maso awo. "Iwe, tabwera undione," ankatero atakhala pakhonde. "Amjomba, tayang'anani kumwamba. Tayang'anani kuno." Ndikaona kufiira, manthongo kapena kadontho kotuwa pagalasi, tsiku limenelo khasu lisiyidwe, ulendo wa kuchipatala. Amjomba anasiya nyanja n'kuyamba kusoka maukonde kuseri kwa nyumba kumene mwera sufika. Misozi sinaleke kutsika patsaya lawo mpaka ukalamba, kansalu sikankachoka m'thumba la malaya, koma diso lija linkaonabe, moti ulusi ankalowetsa okha. Mnzawo wina wa msinkhu wawo, amene abale ake anamudonthezera madzi a masamba m'diso lotere, anachita khungu mvula isanagwe kawiri. Sindinena izi ponyoza asing'anga. Akatswiri a za maso Paul Courtright ndi Susan Lewallen, pofufuza ku Chikwawa m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti mankhwala achikuda odonthezera m'maso amakulitsa zilonda za pagalasi la diso, ndipo njira imene anasankha inali yokhala pansi ndi asing'angawo n'kugwirizana nawo kuti odwala otere aziwatumiza kuchipatala.

Mu 1983 Malawi anayamba kupereka mankhwala ophatikiza amene bungwe la WHO linali litangovomereza kumene: rifampicin, dapsone ndi clofazimine. Lero amamwedwa miyezi 6 kapena 12 basi, ndipo ndi aulere. Odwala anatsika mofulumira, ndipo mu 1994 dziko lino linafika pamlingo wa wodwala wosakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Chinali chipambano chenicheni. Koma anthu anamva ngati khate latha, ntchito yake inaphatikizidwa ndi ntchito zina zonse za m'zipatala zing'onozing'ono, alangizi a panjinga aja anakalamba n'kupuma. Chikhalirecho anthu mazanamazana amapezekabe ndi khate chaka chilichonse m'Malawi muno, ndipo ambiri amafika mochedwa, mitsempha itawonongeka kale. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti kaundula amamulemba munthu kuti wachira akamaliza mapiritsi, pamene chikope chake chidzafuna womuyang'anira mpaka imfa.

Ndiponso nkhope yokhota siyambitsidwa ndi khate lokha. Mnyamata wa kabaza amene wamenyetsa mutu pamsewu wa ku Makanjira, mwana wa khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali, wodwala shuga, amene ali ndi kachilombo ka HIV, amene mashingozi amutuluka m'khutu, onsewa mtsempha womwe uja ungathe kuwafera. Ambiri zimangowagwera popanda chifukwa chooneka: munthu wagona bwinobwino, podzuka pakamwa papotoka, madzi akumwa akudontha mbali imodzi. Kumudzi timati mphepo yoipa yamuomba. Madokotala amatchula vutoli ndi dzina la Charles Bell wa ku Scotland, amene analongosola ntchito ya mtsemphawu mu 1821. Anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse amachira okha kotheratu pakapita masabata kapena miyezi, ndipo mapiritsi a prednisolone akayambidwa m'masiku atatu oyambirira amawonjezera mwayiwo. Wa sitiroko amasiyana nawo poti kawirikawiri chipumi chake chimakwinyikabe ndipo diso limatsekeka, koma dzanja, mwendo kapena lilime zimalemera, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye ola lomwelo. Ena mtsempha ukamaphukanso umasokera njira, moti akayamba kutafuna nsima diso limatulutsa misozi. Koma kaya nkhope idzabwerera kaya ayi, masabata oyembekezerawo ndi okwanira kuti diso losatsekeka lichite chilonda, ndipo abale nthawi zambiri amatanganidwa ndi pakamwa popotokapo, poti ndi pamene pamachititsa manyazi.

Chipatala cha Lungwena, chimene chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa boma la Mangochi, chinadziwika m'mayiko akutali chifukwa cha kafukufuku wa umoyo wa amayi ndi ana amene College of Medicine ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland anayamba kuchita kumeneko m'ma 1990. Ndikanakonda kuti achinyamata amene amaphunzira za umoyo m'dera lathu, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi, atengenso kafunso kaja ka mlangizi wa panjinga, kouza munthu kuti atsinzine ngati akugona. Pa khate, chikope chikangoyamba kufooka pamakhala miyezi pafupifupi 6 imene prednisolone angathe kuupulumutsa mtsempha. Nthawi imeneyo ikadutsa, chotsala ndi opaleshoni kwa madokotala a maso ku Zomba kapena ku Blantyre: kusoka kona yakunja ya zikope kuti mpata uchepe, kukoka chikope chakumunsi kuti chibwerere pamalo pake, kapena kutenga kachigawo ka mnofu wotafunira wa pafupi ndi khutu n'kukalumikiza kuzikope, munthuyo n'kuphunzira kutseka diso poluma mano.